Buku Lobwereka ndi Pepala Lokopera: Nkhani ya Malaibulale a ku Machinga ndi Balaka

(NYIMBO YOTSEGULIRA. ITSIKE PANG'ONOPANG'ONO)

WOULUTSA: Lero tikamba za mabuku, makamaka mabuku amene amachoka m'laibulale ina kupita m'laibulale ina chifukwa pali wophunzira amene akuwafuna. Ngati muli pa koleji ya uphunzitsi, ya unamwino kapena ku seminale, ngati ndinu mphunzitsi amene mukuwonjezera maphunziro muli pa ntchito, ngati mumayang'anira laibulale, ngakhalenso inu amene muli ndi makina a fotokope pa msika, kokani mpando. Nkhaniyi ndi yanu.

Palibe laibulale pa dziko lapansi imene ili ndi mabuku onse, ndiye za kwathu kuno n'kuchita kunena? M'boma la Machinga tili ndi koleji yosula aphunzitsi a pulayimale, Machinga TTC. Ku Balaka kuli sukulu ya Inter-Congregational Institute, kumene anyamata a zipani zosiyanasiyana za mpingo wa Katolika amaphunzira filosofi asanapitirize ulendo wawo wa unsembe. Mukawoloka Shire pa Liwonde n'kulunjika ku Zomba, mupeza koleji ya anamwino ndi azamba ya St Luke's pa Malosa, kenaka Domasi College of Education ndi Malawi Institute of Education, kumene amakonza masilabasi a sukulu zathu. Mukafika mu Zomba mwenimwenimo muli University of Malawi, ija tinkaitcha Chancellor College, komanso National Archives, kumene lamulo limati wosindikiza buku m'dziko muno azikasiyako limodzi. Malo onsewa ali pa msewu umodzi, ulendo wa minibasi wopita m'mawa n'kubwerako dzuwa likadalipo. Koma mashelufu awo ndi osiyana kutalitali. Buku lomwe wophunzira wa ku Machinga walisaka mpaka kutopa mwina lili phee ku Domasi, chaka chonse osatsegulidwa.

N'chifukwa chake malaibulale amabwerekana. Ndipo ndinene poyera kuti ine ndimaikira kumbuyo kubwerekana kumeneku ndi mtima wanga wonse. Mwana wa mlimi wa mpunga wa ku Chilwa amene wafika pa koleji asalephere mayeso chifukwa chakuti buku lili makilomita 50 kuchokera pomwe iye ali. Kumbukirani zimene zinachitika pa 18 Disembala 2015, pamene laibulale ya Mzuzu University inapsa, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa. Ophunzira analipobe, mayeso analipobe. Anthu akufuna kwabwino, kuno ndi kunja komwe, anachita kusonkha mabuku. Tsiku limenelo aliyense anaona kuti laibulale yokhala payokha, yosadziwana ndi inzake, ili pa ngozi.

Koma pobwerekanapo pali zinthu ziwiri zimene ambirife timazisakaniza, ndipo pulogalamu yonse ya lero yatsamira pamenepa.

Kumudzi timabwerekana khasu, timapalananso moto. Khasu likapita kwa aneba, inu simulima mpaka libwere. Moto ndi wina: mnzanu akapala, wanu sutha, ndipo iye sabweza. Buku lenileni likakwera minibasi kuchoka ku Domasi kupita ku Machinga, limenelo ndi khasu. Buku ndi limodzi lomwe lija, eni ake analigula, lidzabwerera. Palibe chakopedwa. Koma woyang'anira laibulale wa ku Domasi akatsegula bukulo, n'kuchita fotokope, kapena kulijambula ndi foni n'kutumiza pa WhatsApp, ndiye kuti wapalitsa moto. Tsopano mabuku ali awiri pamene logulidwa linali limodzi, ndipo lachiwirilo silibwerera. Malaibulale onse awiri akondwa, wophunzira wakondwa. Amene sitikumuona pa nkhaniyi ndi wachitatu, uja analemba bukulo, ndi uja anaika ndalama zake polisindikiza. Lamulo la umwini wa zaluso limayankhulira iyeyo.

(NYIMBO MWACHIDULE)

WOULUTSA: Tsono lamulolo likuti chiyani? Dziko lathu linakhazikitsa lamulo la umwini wa zaluso mu 1989, ndipo mu 1992 bungwe la COSOMA linayamba ntchito yake yotolera ndalama m'malo mwa oimba, olemba ndi aluso ena. Mu 2016 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano, lomwe tikugwiritsa ntchito panopa. Lamuloli limati amene walemba buku ndiye ali ndi mphamvu yololeza kapena kukaniza kuti bukulo likopedwe, ndipo mphamvuyi imakhalapo moyo wake wonse, kuwonjezerapo zaka 50 iye atamwalira. Titenge chitsanzo cha Samuel Josia Ntara, mlembi wa buku la Nthondo lomwe linatuluka mu 1933. Iye anamwalira mu 1976. Mukawonjezera zaka 50 mufika 2026. Onani kutalika kwake: buku la nthawi ya atsamunda, lomwe agogo athu anawerenga ali ana, kuwerengera kwa zaka zake kukufika m'masiku athu ano. Ndiye buku la chaka chatha lomwe lili pa shelufu yanulo, musakayike, mwini wake alipo.

Ena amati, “Koma bukuli ndi la ku London, COSOMA ikukhudzidwa bwanji?” Malawi inalowa m'pangano la Berne mu 1991. Panganoli ndi lakale, la mu 1886, ndipo mfundo yake ndi yakuti mlembi wa kunja atetezedwe kuno monga momwe timatetezera wathu, ndipo wathu atetezedwe kunja monga momwe amatetezera awo.

Komabe musaganize kuti lamuloli ndi mpanda wopanda chipata. Pangano la Berne lomwelo limalola maiko kupatula zinthu zina zoti zikhoza kukopedwa popanda kupempha, bola zidutse mafunso atatu. Kodi ndi pa chifukwa chapadera, chodziwika bwino? Kodi sizikulanda msika wa bukulo? Kodi sizikupweteka mwini wake mopitirira muyeso? Lamulo lathu la 2016 lili ndi gawo la malaibulale, lomwe limapereka mwayi wokopera pofuna kupulumutsa buku lomwe likuwonongeka, komanso wopatsa munthu wochita kafukufuku nkhani imodzi ya m'magazini kapena kagawo kakang'ono ka buku. Mverani bwino mawu amenewo: nkhani imodzi, kagawo kakang'ono. Osati buku lonse kuyambira chikuto mpaka chikuto.

Tamverani kasewero aka kuti tione momwe zimakhalira pa kauntala.

(PHOKOSO LA CHITSEKO, MAPEPALA AKUTEMBENUZIDWA)

WOPHUNZIRA: Odi, Madamu. Mwaswera bwanji?

WOYANG'ANIRA: Ndaswera bwino, achimwene, kaya inu? Ndikuthandizeni chiyani?

WOPHUNZIRA: Madamu, buku lija la kaphunzitsidwe ka ana ovutika kuwerenga, muno mulibe. Koma mnzanga wandiuza kuti ku koleji kwawo lilipo. Simungawauze anzanu kumeneko angolijambula lonse atitumizire? Tilipo anthu 40 m'kalasi, tigawana pa gulu lathu la WhatsApp.

WOYANG'ANIRA: Mukufuna buku lonse, kapena pali mutu umene aphunzitsi akupatsani?

WOPHUNZIRA: Kwenikweni ndi mutu wachinayi. Koma poti mwayi wapezeka, Madamu, bwanji tingotengeratu lonse?

WOYANG'ANIRA: Ayi, achimwene, pamenepo ndiye tasiyana. Tamverani. Buku lenilenilo ndikhoza kulipempha, libwere, likhale muno masabata angapo, ndiliike pa shelufu ya mabuku osatuluka, aliyense aziwerengera mom'muno. Ngati inuyo panokha mukufuna kagawo kochepa ka kafukufuku wanu, lembani fomu iyi, musayine kuti ndi ka maphunziro anu, ndikapemphe. Koma buku lonse kulijambulira anthu 40, amenewo si maphunziro okha ayi, kumeneko ndi kusindikiza buku la mwini popanda iye kudziwa.

WOPHUNZIRA: Koma Madamu, ndalama yogulira buku tilibe. Inu mukudziwa.

WOYANG'ANIRA: Ndikudziwa, mwana wanga, ndipo sindikukunenani. N'chifukwa chake dzina la bukuli ndikulilemba pano. Anthu 40 akafuna buku limodzi, ndiye kuti bukulo si lobwereka, ndi logula. Ndikawaonetsa akuluakulu a koleji pepala ili kuti aliike pa bajeti.

(NYIMBO MWACHIDULE)

WOULUTSA: Mwawamva mayiwo. Sanamubweze mnyamatayo chimanjamanja, komanso sanachite zimene iye amafuna. Ndipo mawu awo omaliza aja ndi amene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa maiko ena anakangana nawo zaka zambiri asanagwirizane.

Ku America, mu 1968, kampani yosindikiza magazini a zachipatala ya Williams & Wilkins inasumira boma chifukwa malaibulale ake a zaumoyo, kuphatikizapo National Library of Medicine, ankachita fotokope nkhani zambirimbiri n'kumatumizira madokotala ndi malaibulale ena. Mu 1973 khoti linagamula mokomera malaibulale. Nkhani itafika ku khoti lalikulu la dzikolo mu 1975, oweruza anagawikana pakati, anayi uku anayi uku, chigamulo chija n'kukhala momwemo. Chaka chotsatira, mu 1976, lamulo lawo latsopano linalola malaibulale kutumizirana nkhani zokopera, koma ndi chenjezo limodzi: kutumiziranako kusalowe m'malo mwa kugula. Pofuna kuti chenjezoli likhale ndi muyeso, komiti yotchedwa CONTU inapereka malangizo amene oyang'anira malaibulale amawadziwa ngati lamulo la zisanu. Akuti pa chaka chimodzi, laibulale yopempha isalandire nkhani zoposa zisanu zochokera m'magazini imodzi, ngati nkhanizo zatuluka m'zaka zisanu zapitazi. Ikafika pa nkhani yachisanu n'chimodzi, ilipire eni ake kapena iyambe kugula magaziniyo. Ndipo udindo wosunga kaundula wa zopemphazo, kwa zaka zitatu, uli pa laibulale yopempha, osati yotumiza.

Chonde, lamulo la zisanuli si lamulo la Malawi, ndipo palibe angakutengereni ku khoti la ku Liwonde chifukwa cha nambala imeneyi. Ngakhale ku America komweko alipo ambiri amene amati nambalayi inatha ntchito. Chimene ndachikonda ine ndi nzeru ili pansi pake. Kaundula amakuuzani zoona. Mukaona kuti chaka chino mwapempha magazini imodzimodziyo kakhumi, buku limodzimodzilo temu iliyonse, ndiye kuti chinthucho mukuchifuna pakhomo panu. Kubwereka ndi kwa zinthu zofunika mwa apo ndi apo. Zofunika tsiku ndi tsiku ndi zogula.

Tsopano tibwere ku Balaka, chifukwa anthu a ku Balaka nkhani imeneyi sakuimva kwa wina. Balaka ndi kwawo kwa Alleluya Band, yomwe inayamba mu 1978, kwawo kwa malemu Lucius Banda ndi oimba ena ambiri amene nyimbo zawo zinamveka dziko lonse. Funsani woimba aliyense wa nthawi ya makaseti akuuzani: chimbale chimatuluka lero, sabata yamawa makaseti okopera ali mbwee pa msika, nyimbo ikumveka m'minibasi iliyonse, mwini wake m'thumba muli mbee. Tonse tinkawamvera chisoni oimbawo. Nanga bwanji mlembi sitimumvera chisoni chomwecho?

Ku Balaka komweko kuli Montfort Media, amene amasindikiza mabuku komanso magazini ya The Lamp. Wosindikiza wa kuno kwathu sasindikiza mabuku mamiliyoni. Amasindikiza ochepa, kuyembekezera kuti makoleji, maseminale ndi sukulu zigula, kuti apeze yogulira mapepala a buku lotsatira. Tsono koleji imodzi ikagula buku limodzi, makoleji ena asanu n'kulandira PDF yake, msika wonse wa bukulo wathera pomwepo. Ndimamva anthu akunena kuti, “Makampani a mabuku ndi olemera, sangamve kupweteka.” Mwina a ku Amsterdam ndi ku New York sangamve. Koma amene amayamba kugwa ndi wa pa Balaka pano, ndi mphunzitsi wa ku Zomba amene wakhala zaka akulemba za mbiri ya Ayao, za nsomba za m'nyanja ya Chiuta, za kaphunzitsidwe ka Chichewa. Mabuku onena za ife ndi ochepa kale. Tikamawakopera mosasamala, mlembiyo salembanso lachiwiri, ndipo ana athu adzapitiriza kuphunzira za Machinga kuchokera m'mabuku olembedwa ndi alendo.

Njira yoti koleji ikopere mwachilungamo ilipo. COSOMA imapereka ziphaso kwa sukulu ndi makoleji zololeza kuchita fotokope zigawo za mabuku, ndipo ndalama zake zimapita kwa olemba ndi osindikiza. Akuluakulu a koleji, funsani ngati chiphaso chanu chilipo, ndipo muwerenge malire ake, chifukwa chiphaso chotere sichitanthauza kuti makina azingolira usana ndi usiku. Inunso a makina a fotokope pafupi ndi geti ya koleji, amene mumasunga mabuku athunthu m'kompyuta n'kumagulitsa omangamanga, dziwani kuti mwayi umene lamulo limapatsa laibulale si wanu. Inu mukuchita malonda.

(NYIMBO)

WOULUTSA: Mukumvera pulogalamu ya maphunziro, ndipo lero tikukamba za kubwerekana mabuku pakati pa malaibulale. Tilowe tsopano m'zinthu za pa intaneti, kumene ambiri amapunthwa osadziwa.

Mu 2003 malaibulale a m'dziko muno anapanga mgwirizano wotchedwa MALICO, kuti azisonkherana n'kumagulira pamodzi mwayi wowerenga magazini a kafukufuku pa intaneti, pa mtengo umene laibulale imodzi payokha singaukwanitse. Palinso ndondomeko ya Research4Life, imene imatsegulira maiko osauka ngati lathu zikwizikwi za magazini ndi mabuku mwaulere. Inayamba ndi Hinari ya zaumoyo mu 2002 pansi pa bungwe la WHO, kenaka AGORA ya zaulimi mu 2003 pansi pa FAO, n'kubwera ya zachilengedwe, ya luso la sayansi, ndi ya zamalamulo. Namwino wophunzira pa Malosa akhoza kuwerenga nkhani yomwe dokotala wa ku London akuwerenga tsiku lomwelo. Agogo athu akanamva zimenezi sakanakhulupirira.

Koma zinthu za pa intanetizi laibulale sinazigule ngati momwe imagulira buku. Inachita kusayinira mgwirizano, ndipo mgwirizanowo ndi umene umanena amene angawerenge ndi zimene angachite. Migwirizano ina imalola kutumizira laibulale inzanu nkhani imodzi, ina imati muyambe mwaisindikiza pa pepala, ina imakaniziratu. Woyang'anira laibulale asanatumize kanthu, atsegule mgwirizanowo aone. Ndipo pasiwedi ya koleji ndi ya ophunzira ndi aphunzitsi a pa koleji imeneyo basi. Ndikudziwa kuti kwathu kuno kumana mnzako ndi chinthu chochititsa manyazi. Msuweni wako ali pa koleji ina, wakupempha pasiwedi, ukana bwanji? Koma eni magaziniwo amaona pa makina awo nkhani mazanamazana zikamatsitsidwa usiku umodzi kuchokera malo osadziwika, ndipo chimene amachita ndi kutseka. Satsekera msuweni wanuyo yekha. Amatsekera koleji yonse, ndipo ophunzira amene sanalakwe kanthu amadzuka m'mawa n'kupeza khomo lili chitsekere, mayeso ali pafupi. Ngati koleji ya msuweni wanuyo ndi yoyenera kulandira mwayiwu, njira yake ndi yakuti woyang'anira laibulale wawo alembetse, alandire pasiwedi yawoyawo.

Ndipo musanavutike n'kupempha, yambani mwafufuza ngati nkhaniyo si yotsegukira aliyense kale. Magazini ya Malawi Medical Journal imawerengedwa mwaulere pa intaneti. Pa African Journals Online pali magazini ambiri a mu Africa, ena mwa iwo aulere. Nkhani zokhala ndi chizindikiro cha Creative Commons eni ake analoleza kale kuti muzigawana, bola mutchule amene analemba ndi kutsata zomwe chizindikirocho chikunena. Zoterezi tumizani pa WhatsApp mmene mungathere, palibe mlandu.

Tsono wina asamve ngati ndikuti lamulo nthawi zonse limakhala mbali ya wosindikiza. Ku India, mu 2012, makampani a Oxford University Press, Cambridge University Press ndi Taylor & Francis anasumira University of Delhi pamodzi ndi kashopu ka fotokope ka pa yunivesitipo, kotchedwa Rameshwari, chifukwa chosonkhanitsa zigawo za mabuku n'kumagulitsa kwa ophunzira. Mu 2016 khoti lalikulu la ku Delhi linaona kuti lamulo la India limapereka mpata waukulu pa zokopera zophunzitsira, ndipo mu 2017 makampaniwo anauchotsa mlanduwo. Limenelo ndi lamulo la India, lathu lili ndi mawu akeake, choncho musathamangire kunena kuti nafenso tamasuka. Koma nkhaniyi ikutionetsa kuti dziko likhoza kukhala pansi n'kusankha kukula kwa mpata umene likupatsa ophunzira ake.

Chitsanzo china chili pafupi ndi mtima wanga ndi cha anzathu osaona. Kwa zaka zambiri, kusandutsa buku kuti likhale m'zilembo za Braille kapena lomvetsera kunkafuna chilolezo cha mwini, ndipo buku lokonzedwa kale m'dziko lina silinkaloledwa kuwoloka malire. Pangano la Marrakesh la mu 2013 linabwera kudzamasula zimenezi, ndipo Malawi inalowamo mu 2017. Koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu, yakhala ikusula aphunzitsi a ana osaona kwa zaka zambiri. Wophunzira wosaona akafika pa kauntala yanu ku Machinga kapena ku Balaka, musamubweze ponena kuti lamulo likukaniza. Funsani anzanu amene amagwira ntchito imeneyi, chifukwa pa iyeyu lamulo linatsegula khomo mwadala.

Pali pamene ine ndikuona kuti lamulo lathu likufunika kuliunikanso. Bungwe la EIFL, lomwe limagwira ntchito ndi MALICO, litawerenga lamulo la 2016 linayamikira kuti malaibulale apatsidwa mpata, koma linadandaula kuti zoyenera kutsata n'zambiri, ndipo zimapanikiza makamaka zinthu za pa kompyuta. Dandaulo limeneli kwathu kuno ndi lenileni. Pepala lochoka ku Zomba kupita ku Ntaja limafuna munthu, thiransipoti ndi tsiku lathunthu, ndipo nthawi ya dzinja misewu ina mukuidziwa. Nkhani yomweyo pa imelo imafika mphindi imodzi. Ngati lamulo likuvomera kuti wofufuza alandire nkhani imodzi, liyenera kunena momveka bwino kuti nkhaniyo ikhoza kuyenda pa intaneti kuchoka laibulale ina kupita ina, ndi malire ake omveka, kuti woyang'anira laibulale asamagwire ntchito mwamantha kapena mobisa. Aphungu athu a ku Machinga ndi Balaka, nkhani iyi ndi ya ana a m'madera mwanu.

Podikira zimenezo, pali zimene makoleji a m'chigawo chino angachite okha temu ino. Oyang'anira malaibulale akumane, alembe pangano la tsamba limodzi kapena awiri: buku lizikhala masabata angati, likatayika alipira ndani, amene azinyamula ndani. Pa kauntala pakhale fomu yoti wopempha alembe dzina la mlembi, mutu wa buku, masamba amene akufuna, ndi kusayina kuti ndi za maphunziro ake. Pakhale kaundula, ngakhale la hadikava wamba, lolembamo chilichonse chopemphedwa ndi chotumizidwa. Pa pepala lililonse lokopera palembedwe kumene lachokera ndi dzina la mlembi, chifukwa ngakhale pamene lamulo lakulolani kukopera, silinakuloleni kufufuta dzina la mwini. Laibulale yolandira ipereke pepalalo kwa amene anapempha, isasunge mulu wa zokopera m'kompyuta n'kusandutsa laibulale yachiwiri.

Chimodzi chimene chimaiwalika kawirikawiri ndi kafukufuku wa ophunzira eni ake, uja amalemba pomaliza digiri, womangidwa bwino n'kuikidwa pa shelufu. Chifukwa chakuti sanasindikizidwe, anthu amamutenga ngati wopanda mwini, ndipo ndi amene amakopedwa kwambiri, nthawi zina wina n'kungosintha dzina ndi boma, za ku Mangochi n'kukhala za ku Machinga. Ameneyu mwini wake alipo, ndipo nthawi zambiri ndi mphunzitsi kapena namwino amene mukhoza kumupeza pa foni. Laibulale ina ikamupempha, tsatani malamulo a yunivesite imene anaphunzirako, ndipo pamene pakufunika chilolezo cha mlembi, mufunseni. Makoleji athu azifunsiratu ophunzira pa nthawi yopereka kafukufuku wawo ngati akulola kuti aikidwe pa intaneti kapena atumizidwe ku malaibulale ena, asayine pomwepo, kuti pasadzakhale kusakasaka munthu patapita zaka khumi.

(NYIMBO YOTSEKERA IYAMBE PANSIPANSI)

WOULUTSA: Nthawi yatithera, amayi ndi abambo. Ngati muli ndi funso pa zimene takambazi, lemberani ku wailesi ino, kapena kafunseni woyang'anira laibulale wa pa koleji yanu. Sabata yamawa, nthawi ngati yomwe ino, tidzakamba za momwe wophunzira angatchulire mabuku amene wagwiritsa ntchito polemba kafukufuku wake. Tsalani bwino.

(NYIMBO IKWERE MPAKA KUMAPETO)